Kusenda mapichesi osataya mnofu

Kuseri kwa nyumba ya azakhali anga ku Highfield kuli mtengo wa mapichesi umene unabzalidwa ine ndisanabadwe. Chisanu chikamapita kumapeto umachita maluwa ofiirira panthambi zopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo pofika Novembala nthambi zomwezo zimakhala zili lende ndi zipatso. Chaka chimene ndinabwera kuno ku Harare kuchokera kwathu ku Dedza, azakhali anandipatsa beseni lodzaza kuti ndisende, ankafuna kuphika jamu woti akagawireko amayi anzawo a Mvano. Ndinatenga mpeni n'kuyamba kusenda ngati mmene timasendera mbatata. Atatuluka m'nyumba anayang'ana kamulu ka makoko pambali panga, anatola limodzi, n'kundionetsa mnofu umene unapita nalo.

"Mwanawe, chipatsotu chili ku makokoku. Siya mpeniwo, katereke madzi."

Kuyambira tsiku limenelo pichesi lakupsa sindilisenda ndi mpeni. Khungu lake ndi lopyapyala kwambiri, ndipo likamva madzi owira kwa kanthawi kochepa limalekana ndi mnofu lokha, n'kumavulika ndi zala basi. Amene anasosolapo nkhuku ntchito imeneyi akuidziwa kale. Mukaiviika pang'ono nthenga zimakana, mukaichedwetsa m'madzimo khungu limang'ambika. Pichesi nalo ndi chimodzimodzi, kungoti ilo limafuna madzi ozizira likangovuulidwa.

Wina afunsa kuti kusendako n'kwa chiyani, popeza pichesi timadya ndi khungu lomwe. Ngati mukungodya pamanja, zoona, kutsuka ndi kupukuta ubweya ndi kansalu kwakwana. Koma pamoto khungu silisungunuka. Limachoka pa mnofu n'kupindika, ndipo mu keke kapena mu jamu mumakumana nalo litalimba, likukanirira m'mano. Ubweya wake umakereketa pakhosi, makamaka kwa ana aang'ono ndi agogo. Ndiye ngati ndi za kuphika, za mu uvuni, kapena zoti musunge, sendani.

Kusankha chipatso

Pano ndikhalapo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amene amandiuza kuti anayesa madzi otentha koma zinakanika, vuto silinali madzi. Mapichesi awo anali osapsa.

Mtengo wa mapichesi kwawo kwenikweni ndi ku China, ndipo kuti ubereke bwino umafuna udutse m'miyezi yozizira. N'chifukwa chake kwathu timawaona ali milumilu m'mbali mwa msewu ku Dedza ndi ku Lizulu, osati ku Nsanje, ndipo kuno ku Zimbabwe minda yake yodziwika ili ku mapiri a Nyanga. Mu Harare momwe muno mitengo ya m'mabwalo mwa anthu imabereka ndithu, ngakhale zipatso zake zimakonda kukhala zazing'ono ndi zaubweya wambiri. Nyengo yake imayamba cha mu Okutobala n'kupitirira mpaka chakumayambiriro kwa chaka. Ku Mbare Musika mukalawirira mudzawapeza m'makatoni, ndipo anzathu a Chishona amawaitanira malonda kuti mapichisi.

Musanyengedwe ndi kufiira. Mbali yofiirayo ndi imene inkayang'ana dzuwa, siisonyeza kupsa. Tembenuzani chipatsocho muyang'ane m'kadzenje mmene munali kamtengo kolumikiza ku nthambi. Ngati mmenemo muli mwachikasu, kapena moyererapo kwa mapichesi a mnofu woyera, ndiye kuti lapsa. Ngati mukuonekabe kubiriwira, linathyoledwa msanga. Kenako nunkhizani. Pichesi lakupsa limamveka fungo musanalifikitse n'komwe pamphuno. Chomaliza liikeni pachikhatho n'kulifumbata pang'onopang'ono, lizimveka kuti likugonja pang'ono, osati gwa ngati mwala. Koma chonde, mapichesi a mwini wake pamsika osamawadina ndi chala chachikulu. Pamene mwadinapo pamada pofika madzulo, ndipo mayi wogulitsayo ndi amene amaluza.

Ngati mwagula kale olimba, avundikeni. Aikeni m'katoni kapena m'thumba la pepala pamodzi ndi nthochi imodzi yakupsa, asasanjikizane, ndipo kadzenje kaja kayang'ane pansi. Nthochi imatulutsa mpweya umene umafulumizitsa zipatso zina kupsa. Tsiku limodzi, awiri, mwina atatu, muziwaona m'mawa uliwonse. M'jumbo ya pulasitiki ayi, amachita thukuta n'kuyamba kuola. M'filiji namonso ayi pamene asanapse, chifukwa kuzizirako kumaononga mnofu, umakhala wa ufaufa, wopanda madzi, ndipo khungu lake silivulika bwino. Dziwaninso kuti pichesi lothyoledwa lobiriwira limafewa koma kutsekemera sikuonjezeka kwenikweni, shuga wake amabwera lili pamtengo. Lotero mudzafunika kuthirako shuga wochulukirapo pophika.

Za mphutsi ndisaiwale. Amene tili ndi mitengo pakhomo tikudziwa kuti mvula ikangoyamba, tintchentche ta zipatso timaboola khungu n'kuikira mazira mkati. Kunja mumangoona kadontho kakuda ndi pofewa pang'ono pozungulira. Oterewa apatuleni, muwang'ambe kaye musanawaike pamoto, muone ngati pali mbali yabwino yoti n'kupulumutsa. Ogwa pansi musamawasiye pomwepo, ndi mmene tizilomboti timachulukanira. Atoleni tsiku ndi tsiku, muwamange m'jumbo n'kuisiya padzuwa masiku angapo, kapena muwakwirire m'dzenje lakuya.

Konzani zonse madzi asanawire

Ntchito yeniyeniyo ndi ya masekondi, ndiye simungayambe kufunafuna chipande mapichesi ali kale m'poto. Pafunika poto wamkulu wothira madzi okwanira kumiza pichesi lonse, beseni la madzi ozizira, supuni yaikulu yobowokabowoka kapena chipande chovuulira, kampeni kakang'ono kakuthwa, mbale yoikamo osendawo, ina ya makoko, ndi mandimu awiri kapena atatu. Mpeni ukhale wosachita dzimbiri. Mipeni yakuda ija, imene timanolera pamwala, imadetsa mnofu wa chipatso ndi kusiyamo kafungo kachitsulo.

Madzi ozizirawo ndi amene amavuta kuno. Mabuku a zophikaphika amangoti thirani ayisi, ngati kuti magetsi amakhala alipo nthawi zonse. Chimene ndimachita ine, madzulo a tsiku loti mawa ndisenda ndimathira madzi m'mabotolo awiri a pulasitiki, osadzaza kwambiri, n'kuwaika m'filiji mouma muja kuti akabwera magetsi usiku aundane. M'mawa ndimangoponya mabotolowo m'beseni. Amazizira nthawi yaitali kuposa tiayisi ting'onoting'ono, ndipo madzi ake mumamwa pambuyo pake. Kopanda filiji, madzi ogonera mumtsuko kapena otunga kumene pa mjigo m'mamawa amagwira ntchito. Mungowasintha akayamba kufunda. Ndipo ngati mukugwiritsa ntchito mbaula, kolezani makala ochuluka, chifukwa madzi ayenera kubwadamuka kuyambira pichesi loyamba mpaka lomaliza.

M'mbale yoikamo osenda muja thiranimo madzi lita imodzi ndi madzi a mandimu masupuni atatu aakulu. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku.

Kusendako

Tsukani mapichesi m'madzi oyera, mukupukuta ubweya ndi chikhatho. Kenako tengani lililonse, mulitembenuze kuti kunsi kwake, kumene kuli kansonga, kuyang'ane kumwamba, ndipo mulembepo kamtanda ndi mpeni, mizere iwiri yodutsana, uliwonse wotalika ngati kachigawo kamodzi ka chala. Mpeni ungodula khungu lokha, usalowe mu mnofu. Kamtanda kameneka ndi khomo. Madzi otentha amalowera pamenepo, ndipo ngodya zake zinayi ndi zimene mudzagwire pokoka.

Madzi akabwadamuka, musaponye mapichesi onse. Yambani ndi limodzi. Ili ndi langizo limene azakhali ankalibwereza kwambiri, ndipo ndaona kuti n'loona chaka chilichonse, chifukwa mapichesi a mtengo umodzi sapsa mofanana ndi a mtengo wina. Litsitseni ndi supuni kuti madzi asakuthovukireni, ndipo ngati likuyandama muzilitembenuza kuti mbali zonse zimve kutentha.

Likhale nthawi yaitali bwanji? Malangizo ambiri amanena masekondi 30 mpaka 60. Koma kumbukirani kumene tili. Harare ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,490 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere madzi amawira asanafike madigiri 100, amathera cha pa 95. Ndi chifukwa chomwecho nyemba zimachedwa kupsa kuno kusiyana ndi kunyanja. Ndiye pichesi lakupsa bwino ndimalipatsa masekondi 40, lolimbirapo mphindi imodzi yathunthu. Wotchi ndi yothandiza, koma maso ndiwo amanena zoona. Yang'anani pa kamtanda paja. Ngodya zikayamba kutukuka ndi kupindikira kunja, ndipo khungu likaoneka ngati lachita makwinya pang'ono, vuulani.

Kuchoka m'poto lipite m'madzi ozizira nthawi yomweyo, osaliika kaye pambale. Kutentha kumene lalowa nako kumapitiriza kuphika mnofu ngakhale mwalichotsa pamoto, ndipo mukachedwa kunja kwake kumasanduka phala pamene mkati muli mosapsa. Madzi ozizira amaimitsa zimenezo. Lisiyeni mmenemo mphindi imodzi, kapena mpaka mutha kuligwira osamva kutentha.

Tsopano ligwireni ndi dzanja lamanzere, mutsine ngodya imodzi ya kamtanda ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo mukoke pang'onopang'ono kulowera ku kadzenje kuja. Ngati lapsa bwino khungu limabwera lalikulu, lonyowa, lopyapyala loti mungaone kuwala mukalikweza. Pansi pake mnofu umakhala see, wonyezimira, ndipo mbali imene inali yofiira imasiya kufiira kwake pamnofupo ngati wapakapo utoto. Ulendo woyamba kuona zimenezi ndinalitembenuza kangapo m'manja, chifukwa panalibe ndi pamodzi pomwe pamene mpeni unadya. Nthawi zina simufunika n'kukoka komwe, mumangosisita ndi chala khungu n'kuvuka lonse ngati sokosi.

Likakana, musalimbane nalo ndi zikhadabo, mungolikumba mabala. Libwezereni m'madzi owira masekondi ena 20, kenako m'ozizira, muyesenso. Likakana kachiwiri, limenelo ndi losapsa, lipatuleni, ndinena za otere posachedwa. Kawirikawiri pamatsala tikhungu m'kadzenje ka kumutu kuja, ndipo pamenepo pokha ndi pamene kampeni kamagwira ntchito.

Loyamba lija likakuuzani nthawi yake, pitirizani ndi atatu kapena anayi pa ulendo umodzi. Mukaponya ambiri madzi amazizira, amasiya kuwira, ndipo mapichesi amangokhala m'madzi ofunda n'kumafewa khungu lisakuchoka. Pakati pa ulendo ndi ulendo dikirani madzi abwadamukenso. Mukakhala awiri ntchito imakoma: wina pamoto, wina pabeseni. Ana okulirapo amakonda kuvula makokowo, apatseni mbali imeneyo, koma poto wa madzi owira akhale patali ndi iwo.

Lililonse losendedwa lilowe m'madzi a mandimu aja. Mnofu wa pichesi ukakumana ndi mpweya umayamba kuda, ngati mmene imachitira nthochi kapena mbatata yosenda, ndipo mphindi zochepa zokha zimakwana kuti chikasu chija chisanduke chofiirira ngati dothi. Sikuti laonongeka, kudya limadyeka, koma keke yake siioneka bwino ndipo jamu wake amatuluka wakuda. Kuwawasa kwa mandimu kumachedwetsa zimenezi. Koma musawasiye m'madzimo nthawi yaitali, kukoma kumatsukuluzika. Mphindi 10 kapena 15 zakwana. Ngati muwadula n'kuwaphika nthawi yomweyo, madziwo asiyeni, mungofinyira ndimu pa zidutswazo n'kutakasa ndi dzanja.

Kuchotsa njere

Mapichesi alipo a mitundu iwiri pankhani ya njere, ndipo kunja simungawasiyanitse. Ena njere yake imachoka yokha. Ena mnofu umakakamira ku njere, ndipo otere ndi ambiri mwa oyambirira kupsa komanso achikasu olimba aja amene timawapeza m'zitini. Funsani wogulitsa, kapena gulani limodzi mulidule pomwepo.

Kwa amene njere imachoka yokha, tsatirani kamzere kamene kali pambali pa chipatso. Lowetsani mpeni mpaka ugunde njere, muzungulize, ndipo mupotoze mbali ziwirizo, imodzi uku ina uko. Zimalekana, njere n'kutsala mbali imodzi, mumangoikolowola ndi chala. Kungoti pichesi losenda ndi loterera kwambiri, limapulumuka m'manja ngati mlamba. Ngati likuvuta kupotoza, ligwireni ndi kansalu koyera.

Kwa okakamira, musayese n'komwe kupotoza, mungolifinya n'kutsala ndi madzi okhaokha m'manja. Liikeni pathabwa, mudule mizere kuchokera kumutu kufika kunsi, mpeni ukugunda njere, kenako mulowetse nsonga ya mpeni pansi pa kachidutswa kalikonse n'kukatukula. Chidutswa choyamba ndicho chimavuta, zinazo zimatsatira. Chitirani pamwamba pa mbale kapena pathabwa lokhala m'thireyi kuti madzi otsekemerawo asatayike. Mnofu wotsalira ku njere musaudandaule, uli ndi ntchito yake.

Mukapeza njere yong'ambika pakati, yang'anitsitsani. Ngati muli nkhungu kapena tizilombo, dulani mbali yonse yozungulira mutaye. Ndipo njerezo ana asamaziswe n'kudya kamtedza ka mkati. Kamaoneka ngati mtedza wabwinobwino koma n'kowawa, ndipo kali ndi mankhwala amene m'mimba amasanduka poizoni wa cyanide.

Olimba aja, okana madzi

Apa mpeni ubwerere. Chosendera mbatata chija chimachita bwino kuposa mpeni chifukwa chimatenga khungu lopyapyala, koma chikhale chakuthwa, ndipo muzichiyendetsa mocheka pang'ono, osati kukankha ndi mphamvu. Yambirani kumutu muzitsika.

Njira ina, imene ine ndimaikonda, ndi kuwaphika ndi khungu lomwe. Dulani pakati, muchotse njere ngati ikuchoka. Wiritsani madzi makapu atatu ndi shuga kapu imodzi, mufinyiremo ndimu theka, ndipo muikemo mapichesiwo pamoto wochepa, madzi akungonyerenyetsa, kwa mphindi 5 mpaka 10, mpaka nsonga ya mpeni izilowa mosavuta. Akazizira khungu limachoka ndi zala, ndipo msuzi wake umatenga mtundu wa khungu lija, umakhala wofiirira mokongola. Amenewa ndi kasitadi pa Khirisimasi, alendo amafunsa kuti mwagula kuti.

Opsetsa kwambiri, olobodoka, nawo safuna poto. Nthawi zambiri khungu lawo limavuka mukangolikoka. Likakana, aikeni m'mbale, muwathire madzi owira a m'ketulo, muwerenge mpaka 15, mukhuthule. Amenewa ndi a jamu, mu keke amasungunuka.

Musanawaike mu uvuni

Kilogalamu imodzi ndi mapichesi apakatikati 6 kapena 7, ndipo mukasenda ndi kudula mumapeza makapu pafupifupi anayi. A pakhomo ang'onoang'ono aja pafunika ochulukirapo, popeza njere imatenga malo ambiri.

Vuto la pichesi mu uvuni ndi madzi. Khungu ndi limene linkawasunga, ndiye likachoka amatuluka ambiri, ndipo keke imene kunja yapsa bwino mkati imakhala yonyowa ngati yosapsa. Ndinataya keke ziwiri za oda ndisanazindikire zimenezi, ndipo zinandipweteka mtima chifukwa zinali za chinkhoswe cha mwana wa mnzanga. Tsopano ndimachita chonchi. Zidutswa ndimadula zonenepa ngati chala, chifukwa zopyapyala zimasowa mu mtanda. Ndimaziwaza shuga masupuni awiri, kuziika m'sefa pamwamba pa mbale, n'kuzisiya mphindi 20 kapena 30. Madzi otsikawo ndimasunga. Zidutswazo ndimazipukuta ndi kansalu koyera, ndipo ngati zikulowa mkati mwa keke ndimazigubuduza mu fulawa pang'ono kuti zisamire pansi pa chitini. Ngati ndi zoyala pamwamba, ndimangozikhazika pa mtanda osakanikiza, keke ikamafufuma imazikumbatira yokha.

Kwa payi kapena zophika zina zimene mapichesi amakhala pansi ndipo mtanda pamwamba, madziwo musataye, agwireni ndi ufa. Masupuni awiri aakulu a cornflour, ufa woyera wosalala wa m'sitolo wolimbitsira msuzi, pa kilogalamu imodzi ya mapichesi amakwana. Ngati mulibe, ufa wa kasitadi umagwira ntchito yomweyo, popeza mbali yake yaikulu ndi cornflour yemweyo, ndipo umaonjezera kafungo kabwino. Uvuni ukhale pa madigiri 180, ndipo musatulutse mpaka muone msuzi ukuwira m'mbali, apo ayi ufawo sugwira. Ophika ndi makala pansi ndi pachivundikiro, chepetsani moto wa pansi, shuga wa zipatso sachedwa kupserera.

Kwa jamu, dulani tizidutswa ting'onoting'ono ndipo mandimu asachepe. Pichesi lakupsa palokha siligwirana bwino, ndimu ndi amene amathandiza kuti jamu alimbe. Kusakanizamo ochepa osapsetsa kumathandizanso. Phikirani m'poto wosachita dzimbiri kapena wa enamelo, ndipo muzitakasa ndi mthiko umene sunalowepo mu ndiwo za anyezi.

Ngati achuluka

Mtengo ukabereka umabereka onse pakamodzi, ndipo sabata ziwiri zokha mumakhala mutagawira anansi onse mapichesi akadalipo. Osenda amasungika bwino m'filiji mouma. Sakanizani zidutswa ndi madzi a mandimu ndi shuga theka la kapu pa kilogalamu, mudikire shuga asungunuke, ndipo muike m'timapepala ta pulasitiki kapena m'zigubu za majarini, mulingo wa keke imodzi pachokha, kuti musamasungunule zonse mukafuna zochepa. Finyani mpweya utuluke musanamange. Lembanipo tsiku. Magetsi akazima musamatsegule filijiyo pafupipafupi, ndipo yodzaza imasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa yopanda kanthu, ndiye mabotolo a madzi aja abwezereni momwemo. Zidutswazo zikasungunukiratu musaziumitsenso, phikani jamu tsiku lomwelo.

Kuyanika kumatheka mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, monga timachitira ndi mfutso, pa thandala loyera ndi kansalu kopyapyala pamwamba kuti ntchentche zisatere. Mvula ikayamba musavutike, amachita nkhungu asanaume.

Makoko ndi madzi otsala

Makoko aja, ngati zipatso munazitsuka bwino, musataye. Aikeni m'kapoto pamodzi ndi njere zija zotsalira mnofu, zosasweka zokhazokha, ndi madzi amene anatsika m'sefa. Thirani madzi ongokwana kumiza, muwiritse mphindi 20 pamoto wochepa, musefe, mubwezere pamoto ndi shuga wolingana ndi madziwo, kapu kwa kapu, mpaka asungunuke n'kuwira pang'ono. Mumapeza manyuchi ofiirira onunkhira pichesi. Azakhali ankawathira pa phala la ana m'mawa, ine ndimapaka pa keke ikangotuluka mu uvuni, kapena kusungunula ndi madzi ozizira masana kukatentha. M'botolo loyera m'filiji amakhala sabata imodzi kapena ziwiri.

Zotsala m'sefa zipite ku manyowa. Madzi a m'poto ndi a m'beseni, ndi mmene madzi amavutira m'makomboni mwathu muno, adikireni azizire, mukathirire bedi la repu kapena mtengo wa mapichesi womwewo.